Kasitomala wa Anthu Atatu

Kalekale, koma si kale la makolo ayi, ndi kale loti ena mwa inu munali mutayamba kukwera minibasi nokha, mumzinda wina munali dera lotchedwa pa Chigayo. Chigayocho chinali chitasiya kulira zaka zambiri m'mbuyomo, makina ake anapita kwa ogula zitsulo, koma dzina linatsala. Kondakitala akakuwa kuti, "Otsika pa Chigayo!" anthu ankatsika ndithu, popanda ndi mmodzi yemwe wosenza thumba la chimanga.

Pamenepo pankakhala a Yotamu Nthala, okonza mawotchi. Ntchito yawo inali ikufa pang'onopang'ono, chifukwa anthu anali atayamba kuonera nthawi pafoni. Komabe m'mawa uliwonse iwo ankatulutsa tebulo lawo lagalasi pakhonde n'kukhala kuseri kwake. Tsiku lina kunkabwera munthu mmodzi wofuna batire. Tsiku lina kunkangobwera fumbi.

Akazi awo, mayi Esinati, anali telala, ndipo ankasokera m'chipinda chakumaso kwa nyumbayo, choyang'ana kumsewu. Mayiwo atamwalira, a Nthala anakhoma chipindacho makina osokera ali momwemo, ndipo pakhomopo sipanafukenso utsi. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali ku Joni, nambala yake itasiya kulowa. Anthu ankati bambowa ndi olimba mtima chifukwa sanalire nthawi yaitali. Sikunali kulimba mtima. M'kati mwawo munangoti zii, ngati nyumba imene eni ake asamuka. Nalo lilime linazizira: mchere, shuga, tsabola, zonse zinkangomveka ngati madzi. Ankadya chifukwa nthawi yakwana, basi.

Ankadya m'malo atatu.

M'mawa ankamwa tiyi kwa Abiti Mdoka, mayi wa ku Mangochi amene anali ndi kanyumba kamalata, mabenchi awiri ndi ketulo yaikulu yakuda bii. Sikisi koloko ikamakwana, Abiti amakhala atathira kale tiyi wamkaka ndi kuika sikono pambale. "Che Nthala, mwadzuka?" "Tadzuka." Nkhani yathera pompo.

Masana ankadya kulesitilanti ya a Nangozo, yakale kuposa zonse pa Chigayo, ya makoma opaka laimu ndi nsalu yaleisi pakhomo. Mpunga wa nyemba, mpiru wotendera, Lachisanu nkhuku yalokolo. A Nangozo sankalola wina kusambitsa makasitomala m'manja. Ankachita okha, jagi dzanja ili, beseni dzanja linalo, ndipo ankakonda kunena kuti munthu amamudziwira m'manja.

Dzuwa likapendeka ankaima pachiwaya cha Sipiriyano, bambo wa ana anayi, wokazinga tchipisi ndi nyama ya nkhumba. Chiwayacho chinali pafupi kwambiri ndi nyumba ya a Nthala, moti munthu akayetsemula pakhonde, wapachiwaya ankamva. Sipiriyano ankabaya nthuli ndi kamtengo n'kuwapatsira. "Iyi ndi yaulere, madala. Musaonde ine ndikuona, mungandithawitsire makasitomala."

Malo atatuwa anali ondondozana m'mbali mwa msewu, koma eni ake sankalankhulana. Abiti ndi a Nangozo anadana chifukwa cha ngalande. Madzi otsukira mbale a wina ankadutsa pakhomo pa mnzake, mawu anatuluka, ndipo panapita zaka khumi ndi chimodzi popanda moni. Abiti ndi Sipiriyano anadana chifukwa cha utsi wa nkhumba umene mphepo inkaulowetsa m'kanyumba ka tiyi, momwe munkakhala anthu ochokera kumzikiti. Za Sipiriyano ndi a Nangozo palibe ankakumbukira chimene chinawadanitsa, ngakhale iwo eni.

Tsono pa Chigayo panali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma wogulitsa chakudya aliyense ankalisunga kuposa Sabata. Kasitomala safunsidwa kumene anadya dzulo. Akakusiya n'kukadya kwa mnzako, iwe umayang'ana kumbali, n'kumapukuta tebulo loyera kale. Kufunsa ndi kupempha, ndipo wopempha kasitomala wavomereza yekha kuti ndiwo zake sizikoma.

Chaka chimenecho dera linayamba kusintha. Pamene panali mitengo ya mango panamangidwa malo omwetsera mafuta, ndipo pambali pake malo odyera a magalasi okhaokha, kumene nkhuku amakupatsira m'bokosi ndipo m'manja sakusambitsa, amangokupatsa kapepala. Achinyamata anakhamukira kumeneko. Kenaka kunabwera anthu a zipewa zachikasu ndi zingwe zoyezera, akuti msewu aukuza. Analemba mitanda yofiira pamakoma. Mtanda pakanyumba ka Abiti, mtanda palesitilanti ya a Nangozo, mtanda pamsasa wa Sipiriyano. Chingwe chitafika panyumba ya a Nthala chinadutsa phazi limodzi kutsogolo kwa khonde, nyumbayo n'kupulumuka. Ogwetseredwa onse anauzidwa kuti malo awapezera kumsika watsopano, kutsidya kwa mtsinje, kuseri kwa manda, kumene ngakhale mbuzi sizidutsa. Anawapatsa mwezi umodzi.

A Nthala anaiona mitandayo. Sanamve kanthu.

Lolemba lina masana, a Nangozo akuwathira madzi, anaona kuti zikhatho za bambowa zayera mbuu. Anaona ndithu. Koma mtima wawo unali pambale. Sabata yonseyo a Nthala ankasiya theka la mpunga, ndipo tsikulo anangotapa masupuni awiri n'kukankhira mbale kutsogolo. M'lesitilantimo munadzaza anyamata okumba msewu, ndipo mmodzi anaseka.

"Mayi, lero mchere mwaiwala kapena? Madalawa agonja."

Manyazi a a Nangozo anasanduka mkwiyo.

"Bambo Nthala, ngati ndiwo zanga zakukolani, malo odyera ndi ambiri. Kumagalasi kuja akuti amaphika bwino. Ine sindimanga munthu mwendo."

"Zikomo, mayi," anatero a Nthala.

Sanakwiye. Anafuna kunena kuti vuto si ndiwo, koma mawuwo anawaona kutalika. Anadzuka n'kupita kwawo. Dzuwa lisanalowe, pa Chigayo ponse panali patamveka kuti a Nangozo athamangitsa wokonza mawotchi.

Madzulo omwewo thupi linatentha, chifuwa chinagwira. Anatseka chitseko ndi mpiringidzo n'kugona. Atafuna kudzuka, miyendo inakana, anagwa pansi pakati pa bedi ndi ndowa ya madzi. Ndowa imeneyo ndiyo inawasunga. Ankaviika dzanja n'kunyambita zala.

Anagona pamenepo masiku anayi, ndipo zonse za kunja ankazimva. M'mawa chivindikiro cha ketulo ya Abiti chikulira. Masana mbale za a Nangozo zikugundana m'beseni. Madzulo chipande chachitsulo cha Sipiriyano chikukwecha chiwaya, fungo la mafuta likulowa pansi pa chitseko. Akanaitana mwamphamvu, mwina mawu akanafika. Sanaitane. Ankadzifunsa kuti, ndiitane ndinene kuti chiyani? Kufa sankakufuna. Moyo nawonso sankaufuna. Ankangomvetsera anthu akudya.

Nanga atatu aja anali kuti? Anali pomwepo.

Abiti anathira tiyi Lachiwiri m'mawa, tiyiyo anazizira. Anali atamva kuti a Nangozo ayamba kuphikira tiyi anyamata a msewu, ndiye anati mumtima, "Kuwathamangitsa kuja kunali masewera. Wandilanda." Anataya tiyiyo m'ngalande.

A Nangozo anaona mpando wa a Nthala uli wopanda munthu. Anali atamva kuti Abiti ayamba kuphika mpunga masana, ndiye anati, "Mawu anga awamvera. Apite."

Sipiriyano anaona kuti tebulo la mawotchi silikutuluka, chitseko chili chitsekere. Lachitatu anamvanso chifuwa m'nyumbamo. Anati, "Wotsokomola ndi wamoyo. Azimayi aja akuwatumizira chakudya m'nyumba, akufuna ndiwapemphe." Anapitiriza kukazinga.

Aliyense anasunga lamulo. Palibe anafunsa.

Tsopano mverani zimene aliyense anachita.

Lachisanu m'mawa, tiyi atazizira kachinayi, Abiti Mdoka anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kapu. Kenaka anamanga chitenje, anatuluka, n'kulumpha ngalande ija. Anthu amene anali pamabenchi anasiya kutafuna. Mayiwo anaima pakhomo la leisi.

"Nangozo."

A Nangozo anatsala pang'ono kugwetsa jagi. "Mwasochera, mayi?"

"Sindinasochere. Kasitomala mwanditengera, chabwino, ndi wanu. Ndangoti ndikuuzeni kuti tiyi wawo musamachulutse masamba, amawapweteka m'mimba."

"Kasitomala wake uti?"

"Che Nthala."

"Si ali kwa inu amenewo? Kapena mpunga wanu wawakolanso?"

"Kwa ine sanaponde chichokereni Lolemba."

Anayang'anana. Abiti sanadikire. Anapita molunjika kumsasa wa Sipiriyano, kumene zaka zonsezi ankadutsa atatseka mphuno, n'kuima mu utsi momwemo.

"Iwe wa nkhumba, Che Nthala unawaona liti?"

"Hajati, lero mwabwera kudzalawa?"

"Ndakufunsa funso."

Sipiriyano anawerenga zala, kuseka kunatha. Abiti anathamangira kunyumba ija, anamenya chitseko, anaitana katatu. Kunali zii. Ndiye anakuwa mfuu imene inasonkhanitsa Chigayo yense. Ndi iwo anaswa lamulo, pamaso pa makasitomala awo, pakhomo pa adani awo awiri. Masabata otsatira anthu ankawanena kuti, "Si aja anakapempha kasitomala kwa Nangozo?" Koma dziwaninso kuti chinamtindi cha anthu chitasonkhana, iwo anabwerera ku ketulo yawo. Ndiponso ndi iwo anali oyamba kudziwa kuti munthu wasowa, Lachiwiri sikisi koloko, n'kukhala masiku atatu akutaya tiyi.

Pakhomo paja anthu anadzaza, koma palibe anagwira chitseko. Aliyense ankadziwa kuti wothyola chitseko n'kupeza mtembo ndiye amakayankha mafunso kupolisi, mwinanso kugona komweko. Ena ankati tiitane apolisi, ena ankati tifufuze kaye achibale. Dzuwa likukwera. Sipiriyano anabwera ndi nkhwangwa yake yowazira nkhuni.

"Tapatukani. Akandimanga muzikandipatsira tchipisi, koma osati za kumagalasi."

Anamenya kawiri, mpiringidzo unathyoka. Anawapeza a Nthala ali gone pansi, milomo itang'ambika, koma mpweya ulipo. Msewu unali utakumbidwa, galimoto silikanalowa. Anawakweza pawilibala yake ya nkhuni, anakankha m'maenje ndi m'milu ya dothi mpaka tayala linaphulika. Anawabereka kumsana, munthu wamkulu ngati khanda, mpaka kumsewu wa tala. Minibasi ziwiri zinakana. Yachitatu anaiimira kutsogolo. Kuchipatala anati ndi chibayo, ndipo magazi achepa kwambiri, pakufunika wina apereke. Sipiriyano, munthu woopa jakisoni kuposa njoka, anatambasula mkono atatsinzina. Pobwerera anapeza moto umene anausiya utayatsa mafuta onse m'chiwaya, denga la msasa litapsa mbali imodzi, nyama ya tsikulo agalu ndi anthu atagawana. Koma dziwaninso kuti kuchipatalako sanapondekonso. Ankati fungo lake limamusanzitsa. Ndiponso ndi iye anali pafupi kuposa onse, ndi iye anamva chifuwa chija.

A Nangozo anali atatsatira pambuyo. Madzulo a tsikulo nesi anatuluka m'wodi n'kufunsa anthu a pa Chigayo amene anali pakhonde.

"Gadiyani wa bambo Nthala ndani? Pakufunika wowatembenuza, wowasambitsa, wowadyetsa. Ife tilipo awiri, odwala makumi asanu."

Aliyense anayang'ana zala za kumapazi.

"Ndine," anatero a Nangozo.

"Ndi ndani wanu?"

"Achimwene anga."

Anakhala kumeneko masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ankagona pachitenje pansi pa bedi, ankaphika phala pamafuwa kumalo a magadiyani, ankachapa nsalu zimene munthu sachapira mlendo. Lesitilanti yawo inali yotseka, m'masabata omaliza enieniwo, pamene anyamata a msewu ankadya ngati dzombe. Makasitomala awo anagawanika, ena kwa Abiti, ena kwa Sipiriyano.

A Nthala atatsegula maso tsiku lachitatu, anaona supuni.

"Idyani."

"Sindikumva kukoma, mayi."

"Sindinakufunseni za kukoma. Yasamulani."

Madokotala anati magazi aja anawadzutsa, koma chimene chinawaimika ndi supuni imeneyo. Mawu akuti pepani sanatuluke pakamwa pa a Nangozo ngakhale tsiku limodzi. Ankangobwera ndi phala. Koma dziwaninso kuti ndi iwo anaona manja oyera aja poyamba, ndipo ndi pakamwa pawo panatuluka mawu amene anachititsa onse kuganiza kuti bambowa angosamukira kwina.

A Nthala anatuluka m'chipatala Lachitatu. Anapeza nyumba zambiri za mitanda zitagwa kale. Kumene kunali okonza njinga kunali mulu wa njerwa, kumene kunali ometa tsitsi kunali dzenje. Malo odyera atatu aja anali adakalipo, koma anauzidwa kuti thalakitala ifika Lolemba. Ndipo chipinda cha malemu Esinati, chimene kale chinkabisika kuseri kwa misasa, tsopano chinali pamphumi penipeni pa msewu watsopano. Tsiku lomwelo kunabwera amuna awiri a nsapato zonyezimira, akufuna kutsegulamo sitolo ya mafoni. A Nthala anawabweza.

Kunena zoona, mumtima mwawo munalibe chimwemwe choti apulumuka. Ankamva ngati munthu amene wadzutsidwa pa basi asanafike kumene amapita. Koma analeredwa bwino, ndipo ankadziwa kuti wopulumutsidwa amathokoza, kaya mtima ukumva kaya sukumva. Choncho anthu atabwera kudzawazonda, ananena pamaso pa onse.

"Chipinda ichi sindigulitsa. Ndichipereka kwa amene anandipulumutsa, aziphikiramo, osalipira kanthu mpaka ine ndidzafe."

Anthu anaomba m'manja. Kenaka wina kumbuyo anafunsa, "Ndiye kuti ndani?"

A Nthala anali asanaganize.

Lamulungu masana anakhala pakhonde, kiyi wa chipindacho ali m'thumba la shati. Woyamba kufika anali Abiti, atanyamula fulasiki ya tiyi ndi masikono awiri. Asanakhale pansi anatulukira a Nangozo ndi mbale yovindikira, nkhuku yalokolo, ngakhale silinali Lachisanu. Pambuyo pawo Sipiriyano, tchipisi m'pepala. Anaika zonse patebulo la mawotchi. Abiti anasuntha fulasiki yawo kuti isagundane ndi pepalalo.

"Musaope, Hajati," anatero Sipiriyano. "Lero ndi mbuzi. Ndachita kubwereka chiwaya china."

"Mbuzi ya kwa iwe imaliranso ngati nkhumba."

"Ife sitinabwerere chipinda," anatero a Nangozo. "Tangoti tione wodwala."

"Eee, tonse," anatero Abiti.

"Ine ndabwerera chipinda," anatero Sipiriyano. "Bodza silindikhala. Ana anayi, madala. Kutsidya kuja ndikakazingire ndani, mizimu?"

"Ukanakumbukira ana anayiwo pomwe unkamva munthu akutsokomola," anatero a Nangozo.

"Amayi, inu musayambe. Amene anawauza kuti azikadya kumagalasi ndi ndani?"

A Nangozo anavomera. "Ndi ine. N'chifukwa chake ndinagona pasimenti mpaka msana uwu sukuwongoka. Iwe unagona kuti?"

"Magazi amene akuyenda m'thupi mwa madalawa ndi anga. Akaseka, ndine ndikuseka."

"Ndiye n'chifukwa chake sakuseka," anatero Abiti. Anatembenukira kwa a Nthala. "Che Nthala, ine sindinathyole chitseko, sindinagone kuchipatala. Ndinangofunsa. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndikanapanda kulumpha ngalande ija, uyu akanapitiriza kukwecha chiwaya chake, awa akanapitiriza kupukuta matebulo, inu tikanakudziwirani ntchentche pawindo."

"Munafunsa Lachisanu," anatero Sipiriyano. "Lachiwiri pakamwa panali pa ndani?"

"Iwe unafunsa liti?"

Thalakitala inali itaima kale kumapeto kwa msewu, chipande chake chili pansi.

A Nthala anakweza dzanja. "Bwanji nonse atatu? M'mawa tiyi, masana mpunga, madzulo chiwaya. Monga kale."

Anatsegula chipindacho kuti achione. Mamita anayi uku, atatu uku, khomo limodzi, windo limodzi, makina osokera ali pakona atakutidwa ndi nsalu. Mabenchi a Abiti okha akanadzaza. Kunja kwa khonde malo analibe, phazi limodzi lokha, kenaka msewu.

"Ine mbale zanga sizingakhale m'nyumba imodzi ndi mafuta a nkhumba," anatero Abiti. "Anthu anga sadzalowamo."

"Nkhumbayo ndiyo imadyetsa ana anga. Tchipisi zokha kumagalasi ziliko."

"Ine moto ndimayatsa folo koloko m'mawa kuti nyemba zipse pofika masana," anatero a Nangozo. "Ketulo ya awa ikhala pati? Atambala awiri salira m'khola limodzi, bambo Nthala. Sankhani. Amene mumusiye sakudandaulani."

A Nthala anabwerera pampando wawo. Anayang'ana zakudya zitatu zija. Anatapa pang'ono apa, pang'ono apo, pang'ono apo, kuti wina asaone ngati wanyozedwa. Zonse zinamveka chimodzimodzi. Anayesa kufunsa mtima wawo kuti ukukondera ndani, mtimawo unangoti duu.

Chimene ankadziwa ndi ichi. Abiti akamanidwa, abwerera ku Mangochi, kumudzi kumene anachokako ali mtsikana, kumene amene ankawadziwa onse ali kumanda. Sipiriyano akamanidwa, akankha chiwaya chake kutsidya kwa mtsinje, ndipo mwa ana anayi aja ena asiya sukulu. A Nangozo akamanidwa, zaka makumi atatu za lesitilanti zithera pamulu wa njerwa, ndipo pamsinkhu wawo akayamba kufunsa ntchito yotsuka mbale kumagalasi, ngati angawalembe.

Anatulutsa kiyi m'thumba n'kumuika patebulo, pakati pa fulasiki, mbale ndi pepala. Atatu aja anamuyang'ana. Palibe anatambasula dzanja.

Ine nkhaniyi ndaitula apa, chifukwa mlanduwu si wanga. Musathamangire kunena kuti wogona kuchipatala ndiye anavutika kwambiri, chifukwa wina akufunsani ngati munthu wozimitsa moto umene anayatsa yekha amapatsidwa mphoto. Musathamangire kwa wa nkhwangwa, chifukwa mphamvu zake zinali za tsiku limodzi, ndipo khutu lake linagontha masiku atatu. Musathamangirenso kwa wofunsa, chifukwa funso silinyamula munthu kumsana, silimudyetsa phala. Komatu popanda funsolo chitseko sichikanathyoledwa, popanda nkhwangwa ndi magazi sipakanakhala woti n'kumudyetsa, ndipo popanda supuni magaziwo akanapita pachabe. Onse atatu anamusiya munthu pansi masiku anayi. Onse atatu anamudzutsa.

Kiyi ndi mmodzi, thalakitala ilira mawa m'mawa. Inu amene mwamva, tandiuzani: a Nthala amupatse ndani, wofunsa, wothyola chitseko, kapena wodyetsa? Ndipo awiri otsalawo mukawauza kuti chiyani?